Ndinagula misoti, ndinaweta atambala

Ndinagula misoti khumi ndi iwiri. Misoti, ndikubwereza, nkhuku zazikazi zoti zidzandiikire mazira. Zimene ndinaweta ndi atambala. Miyezi isanu ndakhala ndikudyetsa gulu la amuna osandipatsa kanthu, ngati mmodzi amene ndili naye m'nyumba sakundikwanira. Lero khola langa kulibe, pepala langa anandilanda, koma munthu amene anandichita zimenezi akadali pakauntala pake m'tauni muno mu Kitwe, akumwetulira amayi ena. Ndiye khalani pansi mumve, amayi anzanga a mu Chamboli, chifukwa mawa ndi inu.

Kwa amene simundidziwa, ine ndine amake Tereza. Amuna anga ndi a Zulu, amagwira ntchito pansi pa mgodi. Kwathu ndi kum'mawa, ndipo nkhuku ndinayamba kuweta ndisanamere mawere. Ndikunena izi kuti wina asadzati mayiyu sadziwa nkhuku.

Lamulo la m'nyumba za mgodi mukulidziwa. Nkhuku ungawete, koma uyambe wapita ku ofesi ya komboni akakupatse pepala. Pepalalo limati zazikazi zokhazokha, zisapitirire khumi ndi ziwiri, tambala ayi ngakhale mmodzi, chifukwa amuna a shifiti ya usiku amagona masana. Madandaulo akafika katatu, khola ligwa, pepala alanda, ndipo nyumba imeneyo sadzaipatsanso lina. Ine pepala limenelo ndinaliyendera maulendo asanu ndi umodzi, Tereza ali kumsana. Nditalipeza ndinalisunga m'buku la mapemphero.

A Zulu sanafune ndi pang'ono pomwe. Ankati, "Mkazi wa munthu wa mgodi kuweta nkhuku ngati tili kumudzi? Dziko ndi lathu tsopano, mkuwa ukugulidwa, malipiro akwera. Mazira tizigula." Tizigula! Chikwerereni malipiro, chimene ndaona m'nyumba muno ndi wailesi, njinga ndi suti ziwiri. Ine ndinkafuna kanthu kangakanga, koti ndizigulitsa mazira pakhomo, ndisamagwade chifukwa cha tiki ya sopo. Ndinawavutitsa mpaka anandikhomera khola la matabwa a mabokosi ndi waya. Pomaliza kukhoma anandiuza kuti, "Amake Tereza, kamodzi kokha. Zikakanika musadzanditchulirenso nkhuku."

Linali Loweruka, hafu pasiti naini m'mawa, pamene ndinalowa m'sitolo ija yogulitsa mbewu ndi zakudya za ziweto. Dzina sinditchula. Mukadzamva fungo la gaga ndi kulira kwa anapiye, mwafika. Pakauntala panali bambo wina wovala chikhoti choyera ngati dokotala, zolembera zitatu m'thumba. Zitatu! Kaya amalemba ndi manja angati. Ndinamuuza kuti ndikufuna anapiye aakazi okhaokha, ndipo ndinamuonetsa pepala langa kuti amvetse chifukwa chake. Analiwerenga, nagwedeza mutu. Musadzamve kuti sanadziwe.

Ndinamufunsa kuti mwanapiye wa tsiku limodzi munthu angamudziwe bwanji, poti onse ndi achikasu, onse ndi piyopiyo. Kwathu timadikira milungu isanu kapena isanu ndi umodzi, lipombo liyambe kutuluka pamutu, miyendo ioneke. Iye anaseka. Anati, "Ba mayo, izo ndi za kumudzi. Ife tinaphunzira ku Ndola, kwa mzungu." Kenaka anatsegula kabati natulutsa chida chakecho. Mukudziwa chinali chiyani? Singano. Singano yosokera, yomangidwa ku ulusi wakuda.

Ankagwira mwanapiye m'dzanja lamanzere, n'kulendewetsa singanoyo pamwamba pa mutu wake. Ati ikazungulira ndi wamkazi, ikangoyenda uku ndi uku ndi wamwamuna. Wosankhidwa ndi singano anali thu sheleni, wongotola chitolere wani sheleni. Ndinaima pamenepo kukamwa kuli yasa, ndikuona singano ikuzungulira. Dzanja lake sindinaliyang'ane. Amene singano inawakana ankawabwezera m'bokosi lomwelo. Mayi amene anali kumbuyo kwanga anagula omwewo, atasanduka akazi m'mphindi khumi.

Ndili pompo kunalowa dona wina wa ku Parklands, magalasi akuda kumaso. Ameneyu singano sanamuonetse. Bokosi lake linachokera kuchipinda chakumbuyo, lomanga kale ndi chingwe. Ndinafunsa kuti nanga awo bwanji. Ati awo anaitanitsa kale ku Ndola. Ndinangoti chabwino, mwina dona ali ndi singano yake kunyumba. Ndinalipira, anandilembera lisiti, ndinakwera basi bokosi lili pamiyendo, ndikumwetulira ngati mkwatibwi.

Anapiye aja ndinawalera, abale. Ankagona m'khichini pafupi ndi nyali ya palafini. Madzi ndinkawafunditsa. Chakudya chawo chinali cha m'thumba, cha kusitolo komweko, poti bambo uja anati gaga wamba angawatsegule m'mimba. Sanafe ndi mmodzi yemwe. Amayi a mu laini yathu ankabwera kudzaona, ine n'kumawauza kuti pofika nthawi ya mvula mazira muzidzagula pano.

Itakwana milungu isanu, maso anga anayamba kundiuza zoona. Pamutu pawo panatuluka lipombo lofiira psu. Miyendo inakula ngati ya anyamata a mpira. Kukangocha, kumenyana, chifuwa ndi chifuwa, nthenga za m'khosi zili njo. Msoti wanji womenya nkhonya? Ndinamangira Tereza kumsana, ulendo wa kutauni. Linali Lachitatu, teni koloko.

Bambo wa chikhoti uja anandimvera akutokosa m'mano. Atatha analoza kalendala ya pakhoma. Panali chithunzi cha nkhuku yoyera, lipombo lalikulu lofiira, ili pambali pa mulu wa mazira. Anati, "Mwaona? Izi ndi nkhuku za chizungu. Zazikazi zomwe zimakhala ndi lipombo. Musaziyese ndi tinkhuku tanu ta kumudzi." Nditati nanga kumenyanako, anati ndi mavitamini. Ndipo pozindikira kalankhulidwe kanga, anayamba chimbuya, nthabwala zija za ife a kum'mawa ndi Abemba. Anati, "Inu ambuya anga mumadziwa mbewa basi. Mbewa yaimuna ndi yaikazi, pamenepo sindingakutsutseni. Nkhuku tisiyireni ife." Anthu m'sitolo anaseka. Ndinamuyankha kuti iye, Mbemba wodya anyani, akasankhe anyani akwawo ndi singanoyo, anthu anasekanso, ndipo nkhani yanga inathera m'phwete. Chimbuya ndi chabwino pamaliro ndi paukwati, koma pakauntala ndi chida cha wakuba.

Ndinabwerera kunyumba ndikudzikayika. Chithunzi chija ndinachiona ndi maso anga. Nkhuku zoyera zotere ndinali ndisanawetepo. Zinthu zambiri zasintha chilandirireni ufulu, ndinati mwina nkhuku nazonso zasintha.

Mlungu wa khumi, Lolemba, naini koloko m'mawa, ndikuchapa panja. Ndinamva mawu m'khola, osweka ngati chitseko cha dzimbiri. Ndinati ndi mwana wa eni akusewera. Kenaka ina inayankha. Kenaka ina. Pofika Lachinayi zinali zitaphunzira bwinobwino, kokoliliko weniweni, wolandizana ngati kwaya ya pa Pasaka. Ndipo sizinkadziwa kuti tambala amalira m'bandakucha. Izi zinkalira naini, teni, thwelofu, nthawi iliyonse imene mtima wafuna.

Khoma ndi khoma ndi ife kumakhala a Mulenga, ndipo mwezi umenewo anali pa shifiti ya usiku. Amafika kunyumba m'mawa, kusamba, kugona. Tsiku lachitatu la kwaya ija anatuluka atamanga thaulo m'chiuno, maso ali piriwiri. Sanatukwane, ndi munthu waulemu. Anangoti, "Ba mayo, ine pansi paja ndimagwira ntchito ndi zophulitsa miyala. Ndikawodzera, sindifa ndekha." Ndikanawayankha chiyani? Ndinawauza kuti pepani, ndi zazikazi. Anatembenuka, nalowa m'nyumba. Dandaulo loyamba linafika ku ofesi tsiku lomwelo, ndipo sindiwaimba mlandu.

M'mawa mwake ndinagwira yaikulu kuposa zonse, ndinaimanga miyendo, m'dengu, pa basi. Hafu pasiti leveni ndinaiika pakauntala, pamaso pa dokotala wa singano. Mulungu si Zulu, amamva. Nkhuku ija inatambasula khosi, inakupiza mapiko, n'kulira kokoliliko mpaka anthu a panja anasuzumira. Ndinati, "Bambo, msoti wanu uwu ukukupatsani moni."

Mukuganiza anachita manyazi? Nkhope inali gwa. Anati nkhuku za chizungu zikatsala pang'ono kukhwima zimayamba zalira, ati zikutsegula njira ya mazira. Njira ya mazira imadzera kukhosi? Ndinamuuza kuti kwathu thadzi likalira ngati tambala ndi malodza, timalipha tsiku lomwelo. Ndiye iye akutanthauza kuti ine ndagula malodza khumi ndi awiri, thu sheleni limodzi? Ndinati ndiitanireni mwini sitolo. Ati bwana ali ku Ndola. Abwera liti? Ati bwana sanena.

Nditayamba kukweza mawu, makasitomala akubwerera pakhomo, anasolola cholembera chimodzi mwa zitatu zija. Analemba kuseri kwa lisiti langa kuti ikakwana miyezi isanu nkhuku zisanaikire, adzandisinthira ndi mathadzi oikira kale. Anasaina. Koma anati ndidzabwere nazo zonse khumi ndi ziwiri, zamoyo, ikasowa imodzi pangano latha. Apa ndi pamene anandimangira. Akanapanda kulemba zimenezi, ndikanazipha mlungu womwewo, tikanadya, ndikanayambanso ndi misoti ya kumsika, pepala langa lili m'manja.

Ndiye ndinayamba ntchito yotseka pakamwa atambala. Khola ndinalikuta ndi masaka kuti mukhale mdima, aziyesa kunja sikunache. Analira. Ndinatsitsa denga ndi thabwa kuti asamatambasule khosi. Analira chowerama. Chakudya ndinkaponyera mumdima momwemo, osazionanso bwino nkhuku zanga, kungomva mapiko ndi phokoso. Dandaulo lachiwiri linachokera ku nyumba yakumbuyo, ndipo ulendo uno anaitana a Zulu ku ofesi. Anabwerako osandiyankhula masiku awiri. Tsiku lachitatu anati, "Anzanga pansi akumandilonjera kuti kokoliliko. Iphani zinthuzi." Ndinawaonetsa lisiti. Ndinati yatsala milungu itatu, pirirani, tilandira mathadzi. Mu laini monse ndinali nditasanduka nthabwala. Ndikamadutsa pa mpope, wina amafunsa kuti amake Tereza, akazi aja agona bwanji.

Utatsala mlungu umodzi, mkazi wa a Mulenga anandinong'oneza kuti amuna awo abwereranso pa shifiti ya usiku, ndichite changu. Lachinayi ndinathamangira kusitolo. Ndinamuchonderera munthu uja, ine mayi wamkulu, kuti andisinthire lero, ndibwera nazo pa wilibala ngakhale wapansi. Anawerenga masiku pa kalendala ya nkhuku ija ndi chala. Anati, "Ba mayo, pangano ndi pangano. Atsala masiku sikisi." Ndinati pepala langa lipita. Anati pepala si la sitolo. Bwana? Ku Ndola.

Lachisanu, thu koloko masana, kunabwera mesenjala wa ku ofesi ndi buku lake. Dandaulo lachitatu linali litafika. Anali bambo wachikulire, wa kwathu komwe, ndipo ndinaona kuti sakukondwa ndi ntchito imene anatumidwa. Tinachotsa masaka aja. Nkhuku zinaphethira, zinatambasula makosi, zitatu zinalira pamodzi kumulandira. Amayi a mu laini anali atadzaza kale ku mpanda.

Mesenjala uja ananditengera pambali. Anati, "Mayi, tamverani. Ngati muli yaikazi ngakhale imodzi, ndilozereni. Ndikalemba kuti atambala mwachotsa, thadzi latsala, ndipo pepala lanu likhala. Koma mukandinamiza n'kudzalira mawa, ntchito yanga yatha. Yang'anani bwino."

Ndinayang'ana. Zonse zoyera mbee, zonse lipombo lofiira. Koma pakona panali ina yocheperapo. Lipombo lake silinaime, linagwera kumbali. Nthenga za m'khosi zinali zobulungira, mchira wosapindika, kumbuyo kotambalala. Inkangotolatola pansi, osalabadira za anzake. Maso anga anati uyu ndi msoti. Mtima unati lozani, amake Tereza. Koma miyezi isanu ndinali ndikuuza Chamboli yense kuti ndi zazikazi, ndi zazikazi, zikundiyankha ndi kokoliliko. Ku mpanda wina anali atayamba kale kuseka. Ndinaganiza kuti ndikaloza, iyo n'kutsegula kukamwa pamaso pa anthu onsewa, ndidzalowa pati? Ndipo bambo wachifundoyu ndimuchotsetse ntchito? Munthu wa singano uja anali atandisokoneza mpaka sindinkadziwanso ngati lipombo logwa ndi ukazi kapena ndi matenda a mumdima.

Ndinati, "Mulibe, bambo. Onse ndi atambala."

Anandifunsa kawiri. Ndinayankha kawiri. Analemba m'buku, ndinalowa m'nyumba, ndinatulutsa pepala m'buku la mapemphero, ndinamupatsa. Anati pofika folo koloko nkhuku zikhale zitachoka. A Zulu atafika anatenga hamala, ndipo khola limene anakhoma masiku atatu analigwetsa m'mphindi makumi awiri. Anaunjika matabwa kuseri, nalowa m'nyumba. Bola akanandinyoza.

Kozisungitsa kunalibe. Ndani mu komboni akanalandira tambala? Tinawiritsa madzi mu dilamu, amayi omwe ankaseka aja anabwera ndi mipeni kudzathandiza. Kusosola, kuwawula, kutumbula. Laini yonse inadya nkhuku tsiku limenelo, a Mulenga ndinawatumizira ziwiri. Yaing'ono ija ndinaisiya pomaliza, ndinaipha ndekha. Nditaitumbula, dzanja langa linakhudza chinthu cholimba. Ndinatulutsa. Dzira. Dzira lathunthu, la chikamba kale, loti likanaikiridwa m'mawa mwake. Kumbuyo kwake kunali timazira tachikasu tondondozana, tating'ono ndi tating'ono kwambiri.

Palibe anaseka. Ndinakhala pansi pa dothi, dzira lili m'manja, ndinalira ngati pamaliro. Sindikuchita manyazi kunena. Ndinaidziwa nkhuku ija. Ndinaidziwa, ndipo ndinaikana ndi pakamwa panga.

Lolemba ndinapita ku ofesi ndi dzira lomwelo, nditalikulunga m'mpango. Anandimvera chisoni, koma anati pepala ndi la nkhuku zamoyo, ndipo buku lalembedwa kale. Kutchalitchi ndi kumene ndinamva zonse, kwa mayi wina amene amuna ake amayendetsa lole yobweretsa anapiye kuchokera ku Ndola. Ati kumeneko anapiye amasankhidwa tsiku lomwe aswa, ndi anthu odziwadi ntchitoyo. Aakazi amapita ku mafamu ndi kwa amene anaitanitsa. Aamuna ndi otaya, amawapereka m'mabokosi pamtengo wa chabechabe, ndipo nthawi zina wamkazi mmodzi amalowamo mwangozi. Amenewo ndi amene amatiikira pakauntala ife a mu komboni, n'kutivinitsira singano.

Kuchoka ku ofesi kuja ndinapita kusitolo, faifi pasiti thwelofu. Ndinaika dzira pakauntala, ndinamufotokozera zonse bambo wa singano uja. Mukudziwa chimene anandiyankha? Analinyamula, analiyang'ana kudzuwa, nati, "Mwaona, ba mayo? Si ndinakuuzani kuti ziikira? Mwapha nkhuku zabwino chifukwa chosaleza mtima." Anawonjeza kuti pangano latha poti nkhuku zafa, koma Loweruka kubwera anapiye atsopano, ngati ndikufuna andisungira. Sisitere wa kutchalitchi akanandimva zimene ndinanena pamenepo, bwenzi ndikulapa mpaka Khirisimasi. Ndinalanda dzira langa, ndinatuluka.

Tsono ndikufunsa mwini sitolo, ngati alipodi, ngati Ndola inamubweza. Bokosi la pakauntala lija mumadziwa zimene zilimo kapena simudziwa? Ngati simudziwa, mumagulitsa chiyani? Ngati mumadziwa, bwanji osangolemba kuti atambala a ndiwo, wani sheleni, ofuna agule? Tikanagula, ndiwo timadya. Ndipo munthu wanuyo anawerenga pepala langa ndi maso ake, anadziwa chimene tambala mmodzi angandichite, n'kundipatsa khumi ndi mmodzi. Sheleni zanga sindikuzifuna, idyani. Ndikufuna mupite ku ofesi ya komboni mukanene ndi pakamwa panu kuti wolakwa ndi inu, mwina angandibwezere pepala.

Inu amayi, anapiye a tsiku limodzi a pakauntala asiyeni. Pitani kumsika mukagule misoti ya milungu isanu ndi itatu, yoti mwaiona lipombo, mwaigwira miyendo, mwaiyang'ana nthenga za m'khosi. Ikhale yakuda, ikhale ya mawangamawanga, zilibe kanthu. Ndipo munthu akadzakuuzani kuti zimene mukuona ndi maso anu ndi za kumudzi, gwirani chikwama chanu mutuluke.

Dzira lija ndinamuwiritsira Tereza. Anadya lonse, ananyambita ndi zala. Atatha anandifunsa kuti, "Amama, mawa kuli lina?" Abwere bwana wa ku Ndola adzamuyankhe yekha, nyumba yathu ndi ija ili ndi mulu wa matabwa kuseri.